Maxima yasiya kutambasuka, koma madzi ali bwino

Wosamalira thanki la pa ofesi: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. M'thanki la zamoyo za m'nyanja yamchere la malita 600 lomwe ndimasamalira muli Tridacna maxima yabuluu ya masentimita 9, mtundu wa clam (nkhono ya zigoba ziwiri). Kwa miyezi inayi inkatambasula mnofu wake mpaka kuphimba milomo ya chigoba. Sabata ino yayamba kukhwinyata, mbali ina yalowa mkati, ndipo ndikadutsitsa dzanja pamwamba ikuchedwa kutseka. Madzi ali bwino: mchere 1.026, kutentha madigiri 26, calcium 430, alkalinity 8.2 dKH, magnesium 1320. Derasa, clam ya mtundu wina yomwe ili pamchenga, ilibe vuto. Mtima wandithawa, chifukwa eni thanki amaikonda kwambiri.

Wogulitsa makorali: Magetsi simunasinthe, achimwene? Maxima ndi crocea (clam inanso) zimadalira kwambiri kuwala, popeza ndere za zooxanthellae zomwe zili mu mnofumo ndi zomwe zimazidyetsa. Derasa imapirira kuwala kochepa, ndiye musaitenge ngati mboni. Nanga nitrate, chakudya cha nderezo cha m'madzi? Ikafika pa ziro clam imatha kufa ndi njala.

Wosamalira thanki: Magetsi ndi omwewo, PAR (muyeso wa kuwala) pamalo pakepo ndi 300. Nitrate ili pa 5. Nsomba ya angelfish yoti n'kumaijompha mulibe.

Mnyamata wa ku labu: Ine ndikuona ngati ndi pinched mantle, matenda okhwinyatitsa mnofu. Iviikeni m'madzi opanda mchere kwa mphindi 30, kutentha ndi pH zifanane ndi za m'thanki.

Mayi woweta ma clam: Ayi mwanawe, tisathamangire kumeneko. Kuviika kumafooketsa clam yomwe yatopa kale, ndipo tisanadziwe mdani tikhoza kuimaliza tokha. Achimwene, pitani usiku, padutse maola awiri magetsi atazima, mutenge tochi. Unikani m'mphepete mwa chigoba, m'timizere take, makamaka kunsi komwe kumatulukira ulusi womwe imagwirira mwala. Mukaona tinkhono toyera, tosongoka, tating'ono kuposa njere ya mpunga, ndi ta pyramidellid. Masana timabisala, usiku timakwera kukayamwa madzi a m'thupi mwa clam. Ine ndinatayapo clam ya mtundu wa squamosa yomwe ndinailera zaka zitatu chifukwa ndinkangoyeza madzi, osaunika usiku. Mpaka lero zimandiwawa.

Wosamalira thanki: Mayi, mwalasa. Ndapita cha m'ma 9 usiku, ndawerenga 23, tina tili ndondondo pansi pa mlomo wa chigoba. Palinso timadontho tonga mamina tomamatira m'mizere. Ndiizule pamwalapo?

Mayi woweta ma clam: Musakoke! Mukang'amba chiwalo chomwe chimapanga ulusiwo, nthawi zambiri clam sichira. Ngati mwalawo ukunyamulika, tulutsani zonse pamodzi. Ngati ayi, dulani ulusi ndi lumo lakuthwa, kufupi ndi mwala osati ndi thupi. Timadonthoto ndi mazira. Ikani clam mu beseni la madzi a m'thanki momwemo, kwechani chigoba ndi mswachi wofewa, mnofu osaukhudza, madziwo mutaye. Bwerezani masiku awiri kapena atatu aliwonse kwa mwezi, poti mazira otsala amaswabe. Derasa ija muiyang'anenso kunsi.

Wogulitsa makorali: Nsomba ya six-line wrasse imathandizako kudya tinkhonoto, koma imagona nthawi yomwe tinkhonoto tikutuluka, ndiye mswachi musausiye.

Wosamalira thanki: Patha sabata zitatu. Derasa inalinso nato tisanu ndi tiwiri. Usiku unayi wotsatizana sindinapeze kalikonse. Maxima yatambasuka, ikutseka msanga ndikadutsitsa dzanja, ndipo m'mphepete mwa chigoba mwatuluka kamzere koyera ka chigoba chatsopano. Zikomo mayi. Ndikwechabe mpaka mwezi ukwane.