Yotapira alipire ndani, wogula kapena wogulitsa?

Nabanda wa Usipa:
Abale anga, ndithandizeni maganizo. Ndimagulitsa usipa wouma pa Kamuzu Road ku Salima, ndipo ndimakaoda kunyanja ku Senga Bay mbandakucha. Masiku ano makasitomala ambiri, makamaka aphunzitsi ndi a m'maofesi, akafika pabenchi amangosolola foni: "Mayi, muli pa Airtel Money kapena Mpamba?" Kukana sindingathe, apita kwa mnzanga woyandikana naye. Koma kugombe anyamata a m'bwato safuna za pafoni. Akangokocheza amafuna zogwirika, agawane pompo pamchenga, wina akagule ufa. Ndiye ndimayamba ndakatapa kwa ejenti, ndipo yotapirayo ikundidyera phindu la milu ingapo tsiku lililonse. Ndikauza wogula kuti awonjezere yotapira, nkhope imasintha. Anzanga mumatani?

Kabaza wa pa Depoti:
Mayi, muziwauza poyera asanatumize. Ine ndimanena kuti ya pafoni ndi mtengo wina, ya pamanja ndi mtengo wina. Ena amadandaula koma amakwera. Komabe foni yatipumitsa pa nkhani ya chenji. Munthu kukupatsa K5,000 pa ulendo waufupi m'mawa usanagwire kanthu, umazungulira msika wonse kupempha okusinthira.

Gogo Chisale:
Mwana wanga, vuto lenileni ndi kwacha yathuyi. Pamene inkabwera mu 1971, munthu ukagwira matambala unkabwera ndi kanthu kuchokera kugolosale. Lero makobili a K1, K5 ndi K10 ali m'chitini kwanga, adzukulu amasewera nawo bawo pakhonde. Ngakhale K20 ya pepala ija ya Inkosi M'mbelwa, ogulitsa amaiyang'ana mokayika, ndipo m'malo mwa chenji amakupatsa switi kapena machesi. K2,000 inabwera mu 2016, K5,000 mu 2022, kenaka mu Novembala 2023 kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti. Zandipweteka kwambiri ndi za kumaliro. Mbale ya chipepeso inkayenda, wosauka n'kuponyamo kakobili kake mwakachetechete, naye wapepesa. Pano kakobiliko sikagula kanthu, ndipo agogo anzanga opanda foni amangokhala manja lende, manyazi atawagwira.

Mayi a Tadala:
Achemwali, chinanso samalani. Musamapereke usipa chifukwa wakuonetsani uthenga pafoni yake. Onani ndalama yanu nokha kuti yalowadi. Alipo otumiza mauthenga abodza, kenaka n'kuimba kuti atumiza molakwika muwabwezere. Pa yotapira, yesani kukambirana ndi mwini ngalawa mmodzi amene mumamuoda kawirikawiri. Ngati amagula mafuta a injini pafoni, akhoza kuvomera theka pafoni theka pamanja.

Nabanda wa Usipa:
Zikomo nonse. Za theka ndi theka ndikamuyesa mwini ngalawa wathu Loweruka, ndi munthu womva. Netiweki ikadzathawa kugombe ngati mmene imachitira nthawi ya mvula, ndiye ndiziyendabe ndi zina m'chitenje.