Amayi ali ndi shuga, agonekedwa ndi corona, shuga wakwera chikwerere. Thandizeni

Moni nonse pagulu pano, admin ndiloleni. Amayi anga ali ndi zaka 63, shuga ndi BP akhala nazo kalekale, amamwa mapiritsi a shuga a metformin ndi glibenclamide ndipo pamakina akunyumba shuga amakhala cha ma 150 mg/dL. Anagonekedwa Lachiwiri ataapeza ndi corona, ali pa okosijeni. Chondizunguza mutu ndi ichi: metformin awaletsa, akuwabaya insulin, koma shuga wafika 400 chiyambireni jekeseni ina yomwe akuti ndi dexamethasone. Ife agadiyani sitiloledwa kulowa, timangosiya chakudya pageti nkumadikira foni. Kodi mankhwalawa sakuwapweteka? Ndiwapemphe madokotala asiye? Katemera anabaya AstraZeneca kamodzi kokha, wachiwiri anapeza watha mu June 2021 muja.

Nesi wa ku ward:
Achemwali musawauze asiye. Dexamethasone amakwezadi shuga, ngakhale kwa munthu amene analibe, koma ndi amene anaoneka mu 2020 ku UK kuti amachepetsa imfa kwa odwala corona amene ali pa okosijeni. Nthawi zambiri amaperekedwa masiku osapitirira 10. Ndiye shuga akakwera timamutsitsa ndi insulin, dexa uja timamusiya agwire ntchito yake. Metformin timaimitsa dala munthu akakhala kuti mpweya ndi wochepa kapena impso zafooka, chifukwa atha kuchulukitsa asidi m'magazi. Akachira ambiri amabwerera kumapiritsi awo.

Mnyamata wa ku Joni:
Apatseni ndimu, jinja ndi adyo, komanso afukize bulugamu. Kuno tinachira nazo tonse.

Nesi wa ku ward:
Achimwene inu munali ndi zaka zingati, shuga munali naye? Bulugamu sakweza okosijeni. Ndipo ambiri mu jinja mumathiramo uchi kapu yonse, kwa munthu wa shuga 400 ndiye mukufuna chiyani.

Mwini funso:
Zikomo anesi, mtima wakhalako pansi. Nanga chiopsezo chenicheni chili pati? Ndiuzeni mosabisa, chifukwa chimwalirireni nduna ziwiri zija ndi corona tsiku limodzi mu Januwale 2021 ine ndikangomva corona thupi limachita tsemwe.

Nesi wa ku ward:
Mosabisa, a shuga amadwalika kwambiri kuposa ena, makamaka achikulire, a BP, onenepa kwambiri, odwala impso kapena mtima, ndi amene shuga wawo anali wosalongosoka asanadwale. Amayi anu zaka ndi BP zilipo, koma shuga ankamusamala, chimenecho ndi chabwino. Ambiri amatuluka ndithu. Mukamaimba musamangofunsa kuti ali bwanji, yankho lake ndi "aliko bwino" basi. Funsani okosijeni ali pa ngati (tikufuna apitirire 90), ali pa malita angati ndipo akuchepetsa kapena akuonjezera, shuga akuyezedwa kangati patsiku, impso anayeza, akudya? Akamasanza, kumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi kapena kuyankhula zosokonekera, auzeni anesi pompopompo.

Mayi wa ku Area 25:
Ine bambo akunyumba anadutsamo momwemo. Chomwe chinatiopsa ife si shuga wokwera, anatsika usiku wina chifukwa anabayidwa insulin koma nsima sanadye, thukuta kamukamu, kunjenjemera. Ndiye onetsetsani kuti akudya, tumizani phala la mgaiwa lopanda shuga, ndiwo zamasamba, mazira, Sobo ndi Fanta ayi, ngakhale abale azibwera nazo. Muwauzenso azigona chafufumimba akatha kutero, zimathandiza kupuma. Akatuluka musataye glucometer, makina oyezera shuga aja, dexa akatha shuga amatsika ndiye mlingo wa insulin umafunika kuuonanso.

Mwini funso:
Ndangoimba kumene, okosijeni ali pa 92, malita atsitsa kuchoka 10 kufika 6, phala amwa theka. Za impso akuti ndifunse adokotala mawa ku round. Anesi, zotsatira zake ndifunse dzina lanji kuti asandizembe?

Nesi wa ku ward:
Creatinine, amayeza m'magazi kuti aone mmene impso zikugwirira ntchito. Mulembe papepala.