Thandizeni: rimoti ikuliza galimoto koma maloko akupsereza fyuzi

Abale anga a m'gulu muno, makamaka amene mumadziwa za magetsi a galimoto, ndafika pothedwa nzeru. Ndili ndi Toyota Wish ya 2006, ya otomatiki, yochokera ku Japan. Ndimakhala ku Dzivarasekwa, ndipo mayi a kunyumba amadzuka 4 koloko kukapikula tomato ku Mbare Musika, khanda lili kumsana. Kuzizira kwa June muno mu Harare mukukudziwa, galasi limachita kuyera ndi mame. Ndiye ndinagula kabokosi kokhala ndi rimoti yake, kolizira injini ya galimoto uli m'nyumba, kuti akamatuluka apeze mkati mwafunda.

Mbali ya injini ndinalumikiza ndekha ndipo ikulira bwinobwino. Vuto ndi zitseko. Injini ikangolira, rimoti ya galimoto yeniyeni imasiya kutsegula, ndiye ndinafuna kuti rimoti yatsopanoyi izikhoma ndi kutsegula. Ndinasegula chitseko cha dalaivala, ndinapeza mawaya awiri opita ku kamota ka loko, ndinaikapo relay (kaswitch koyendera magetsi) yopereka moto wa 12V. Kungodina batani, fyuzi thii! Ndinaika ina, yapsanso. Pano zapsa zitatu. Sindingalole kuti galimoto izilira panja usiku zitseko zili zosakhoma, ndi iyi imatidyetsa pakhomo. Ndalakwitsa pati?

Yankho la bambo a ku Highfield:
Achimwene, siyani kaye kuika mafyuzi, ndipo chonde musaike yaikulu kuposa yomwe inalipo, mawaya angasungunuke m'chitseko. Mwagwira mawaya olakwika. Awiri opita ku kamotawo, akakhala phee onse amakhala pa negative, ndiye kuti amalumikizana ndi chitsulo cha galimoto. Galimoto ikafuna kukhoma imapereka moto ku umodzi, ikafuna kutsegula imatembenuza n'kupereka ku winawo. Ndiye inu mukuthira 12V pa waya womwe wagona kale pa negative. Imeneyo ndi shoti yeniyeni, fyuzi ikungogwira ntchito yake.

Amene mukufunika ndi mawaya opyapyala a switch, ochokera pa batani la maloko kapena pomwe mumapisa kiyi pachitseko. Toyota zambiri zimamvera negative pamenepo. Tengani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, chingwe chakuda pa chitsulo cha galimoto, chofiira pa waya womwe mukuukayikira. Uzionetsa moto, ndipo mukadina kukhoma ugwe kufika pa 0, mukasiya ubwerere. Wina achite chimodzimodzi potsegula. Kabokosi kanu kali ndi mawaya awiri otulutsa negative yochepa, onani m'kabuku kake, amenewo ndi omwe amapita pamenepo. Nthawi zambiri relay safunika n'komwe.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri bambo. Multimeter ndilibe, ndili ndi kababu koyesera kaja. Sikangagwire?

Bambo a ku Highfield:
Ayi, kababu kamakoka moto ndipo kakhoza kuwononga kakompyuta ka galimoto. Bwerekani kapena gulani, mu Kaguvi Street simungaisowe. Ndipo pansi pa chiwongolero mukaona mawaya kapena mapulagi achikasu, musawakhudze, ndi a airbag.

Yankho la mayi a ku Mufakose:
Ine za mawaya sindizidziwa, koma nkhani ya khanda yandikhudza. Galimotoyo imagona kuti? Ngati ndi m'galaja yotseka, musailize muli m'nyumba. Utsi wa injini uli ndi mpweya wopanda fungo womwe umapha anthu ali m'tulo, ndipo umalowa ndi m'zipinda zoyandikana. Komanso rimotiyo isamakhale pofikira ana.

Yankho la wina wa m'gulu:
Bwanji osangopita nayo kwa amisiri ku Gazaland? Mukupulumutsa madola ochepa koma mukatentha bokosi la maloko mudzalira.

Wofunsa:
Mayi, imagona panja pa bwalo, koma mwachita bwino kunena, ndinali ndisanaganizire za ana. Achimwene, kwa mmisiri ndinapitako kale ndi alamu chaka chatha. Anangopota mawaya ndi manja n'kukulunga tepi, mvula itayamba alamuyo inkangolira yokha pakati pa usiku mpaka aneba anadandaula. N'chifukwa chake ndikufuna ndimvetse ndekha zomwe zili m'galimoto yanga, ngakhale nditapita kwa wina ndizidziwa chomufunsa.

Bambo a ku Highfield:
Pamenepo sindikutsutsani. Inuyo muwotchere ndi soldering, musapote. Funso langa ndi ili: waya wa pa buleki ndi kaswitch ka pa boneti munalumikiza? Ambiri amazidumpha poti galimoto imalira ngakhale palibe. Wa bulekiyo ndi womwe umazimitsa injini munthu akalowa n'kuponda buleki alibe kiyi, ndiye ndi umene ungakutetezeni kwa wakuba kuposa malokowo. Ka bonetiko n'koti injini isalire wina manja ali mkati.

Wofunsa:
Wa buleki ndinalumikiza, ndayesa pompano ndipo yazima. Ka boneti kadakali m'pepala lake, ndikaika Loweruka. Multimeter ndabwereka kwa mlamu wanga. Ndapeza waya umodzi womwe ukugwa pa 0 ndikatembenuzira kiyi kokhoma, koma wotsegula sindinaupeze. Kodi ndiufune m'chitseko momwemo, kapena pansi pafupi ndi phazi la dalaivala pomwe mawaya amalowera m'galimoto?