Balansing'i ya matayala pa sevisi: ndilipire kapena akungofuna kundidyera?

Naphiri wa Vitz: Mwaswera bwanji nonse m'gulu muno. Ndithandizeni nzeru mwachangu. Galimoto ili ku galaja, ndinaipititsa ku sevisi ya nthawi zonse ija, oyilo ndi mafyuluta. Tsopano andiimbira kuti kodi tipangiretu balansing'i matayala onse anayi? Akuti si yokakamiza, koma mtengo wake ndi wapadera, ndipo ndalamayo ndi ya mafuta opitira ku ntchito masiku angapo ndithu. Galimoto ikuyenda bwinobwino, ine sindikumva chilichonse. Ndivomere?

aBanda a Probox: Kanani mayi. Imeneyo ndi ya ndiwo ya anyamata a pagalaja. Ine Probox yanga imasenza matumba a kachewere kuchoka ku Lizulu sabata ndi sabata, za balansing'izo ndimangozimva kwa anthu.

Mjomba wa ku Joni: aBanda musawasocheretse achemwali. Lipirani basi. Kuno ukagula tayala amakuikira limodzi ndi valavu yatsopano komanso balansing'i, ndipo ogulitsa matayala amalangiza kubwerera pakatha makilomita 10,000 kuti akasinthanitse matayala n'kuwayezanso. Mtengo wa tayala limodzi latsopano ku Malawiko mukuudziwa chigwetsereni kwacha mu 2023. Ukaumira ndalama yaing'ono lero, mawa ugula tayala nthawi yake isanakwane.

aBanda a Probox: Kumeneko muli ndi msewu wabwino wa N1 achimwene. Ife kuno ukachoka pa makinapo, usanafike n'komwe pa raundabauti wagwera kale m'dzenje. Ndiye ndizilipira Lolemba lililonse?

Makaniko wa ku Kawale: Achemwali, musanawayankhe a ku galajawo, ndiyankheni kaye ine. Matayalawo munaika liti, ndipo poika anawakweza pa makina ozungulitsa aja? Chiikireni, lilipo lomwe linaphwa n'kulichotsa pa rimu? Mwagwerapo m'dzenje lalikulu posachedwapa? Ndipo chachikulu, galimotoyo mumaithamangitsa kufika pati?

Naphiri wa Vitz: Akutsogolo awiri ndinagula atsopano chaka chatha, anawayeza pa makina ine ndikuona. Akumbuyo ndi omwe inabwera nawo kuchokera ku Japan. Limodzi lakumbuyo linalasidwa ndi msomali, anyamata a m'mbali mwa msewu analichotsa pa rimu n'kumata chigamba mkati. Za liwiro musandiseke, ine ndi kuchoka ku Area 25 kupita m'tauni, pa mzere wa m'mawa uja ngakhale 50 sindifika.

Makaniko wa ku Kawale: Zikomo, ndamva. Ndifotokoze kaye chinthucho, chifukwa ambiri timalipira osadziwa kuti tagula chiyani. Palibe tayala kapena rimu yomwe imalemera mofanana mbali zonse, ngakhale yongotuluka kumene ku fakitale. Pamakhala malo ena olemererapo pang'ono. Makina aja amazunguza tayala ali pa rimu yake, n'kuonetsa manambala awiri, ya mkati ndi ya kunja, kuti mbali iyi ikuperewera magalamu 15, iyi magalamu 25. Ndiye timaika tizitsulo tolemera chimodzimodzi pamalo pomwe makina aloza. Pa rimu yachitsulo timakhomerera m'mphepete ndi kahamala, pa rimu ya aloyi timamata mkati kuti tisakande. Tikazunguzanso, makina azionetsa ziro mbali zonse. Ntchito yonse ndi imeneyo.

Tsono onani apa. Kusintha oyilo sikukhudza tayala. Tayala lomwe linayezedwa bwino silisokonekera chifukwa chakuti miyezi ya sevisi yakwana. Limasokonekera likachotsedwa pa rimu n'kubwezedwa molowera kwina, kachitsulo kakathothoka, rimu ikapindika m'dzenje, kapena likadyeka mosiyana pakapita nthawi yaitali. Ndiye kwa ine funso si lakuti sevisi yakwana, funso ndi lakuti tayalalo laona zotani.

aBanda a Probox: Mwamva? Ngakhale a makaniko akugwirizana nane.

Makaniko wa ku Kawale: Ayi madala, sindinamalize. Tayala lakumbuyo lomatidwa lija linachoka pa rimu, ndipo anyamata a m'mbali mwa msewu alibe makina. Ena ochenjera amalemba chizindikiro ndi choko pomwe pali valavu kuti alibwezere pomwe linali, koma ambiri amangolivala. Limenelo ndi lokayikitsa. Likanakhala loti anangolowetsa kachingwe kotsekera kaja kunja osalichotsa, sindikanadandaula nalo.

Naphiri wa Vitz: Koma nanga bwanji sindikumva kugwedera kulikonse?

Aphunzitsi a sayansi: Apa mundilole ndilowepo, ndi gawo langa ili. Achemwali, simukumva chifukwa simuthamanga. Tayala la galimoto ngati yanuyo, tinene la 175/65 R14, likazungulira kamodzi limayenda mamita 1.8 ndi pang'ono. Pa liwiro la 100 ndiye kuti likuzungulira pafupifupi ka 15 pa sekondi imodzi. Tiyerekeze kuti penapake m'mphepete mwa tayalalo pakulemera mopitirira ndi magalamu 30 okha. Pa 100, timagalamu timeneto timakoka ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 8, kukokera m'mwamba, kukokera pansi, ka 15 pa sekondi iliyonse. Koma pa 50 mphamvuyo si theka ayi, ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, makilogalamu awiri basi, ndipo mashoko ndi labala zimangomeza. N'chimodzimodzi chigayo: hamala imodzi ikathothoka mkati, poliza kumene simuzindikira, koma injini ikakoka moto nyumba yonse imanjenjemera.

aBanda a Probox: Aphunzitsi mwayambatu, kenaka mutipatsa mayeso.

Makaniko wa ku Kawale: Koma akunena zoona. Pa galimoto zing'onozing'onozi vutoli limakonda kumveka pakati pa 80 ndi 110. Likakhala kutsogolo, chiwongolero chimanjenjemera m'manja. Likakhala kumbuyo chiwongolero chimakhala phee, mumamva pampando ndi pansi pa mapazi, galasi loonera kumbuyo lija n'kumaonetsa zinthu ziwiriziwiri. Ambiri akumbuyo sawazindikira mpaka tsiku lomwe awasunthira kutsogolo.

Mai a Tadala: Ine ndili kumbali ya aBanda. Sienta yanga inkakokera kumanzere, ukangosiya chiwongolero pang'ono ikulowera kwa a kabaza. Ndinalipira balansing'i pa galaja ina, ndikutuluka pageti ikukokabe chimodzimodzi. Ndalama inangopita.

Makaniko wa ku Kawale: Mayi, amene anakulandirani ndalamayo ndiye analakwa, anayenera kukuuzani kuti nthenda yanu ndi ina. Kukokera mbali imodzi si balansing'i. Choyamba muyeze mpweya, tayala limodzi likakhala lofewa galimoto imakokera komweko. Mpweya ukakhala bwino, ndi alayimenti, kutanthauza kuti matayala sakuloza molunjika, kapena tayirodi ndi maboojointi zatha, nthawi zina buleki ya mbali imodzi ikugwira. Alayimenti imaoneka ndi maso: tayala limadyeka mbali imodzi, mkati kapena kunja, kwina kuli mano bwinobwino. La balansi limadyeka mwa zigamba, pena pokumbika pena pabwino, mukasisita ndi dzanja mumamva mabampu. Ndiponso chiwongolero chikamanjenjemera pokhapokha mwaponda buleki potsika ku Dedza, musavutike ndi matayala, amenewo ndi madisiki.

Mai a Tadala: Iii, ndiye bwanji osangotiuza choncho?

Bambo a ku Mitundu: Ndiponyepo yanga. Dzinja lapitali ndinapita kumudzi kukaona fodya, msewu wonse matope okhaokha. Pobwerera nditalowa m'tala, chiwongolero chinayamba kuvina moti mayi a kunyumba anayamba kupemphera mokweza. Ndinaganiza kuti china chake chathyoka. Ndinaima kaye pa anyamata otsuka galimoto, mnyamata wina anagwada n'kusuzumira mkati mwa rimu, n'kutola kamtengo. Anagobola chibuma cha dothi la katondo chouma gwa, chachikulu ngati chibakera, chinamatirira mbali imodzi kuseri kwa masipoko. Atatsuka marimu onse anayi ndi payipi, galimoto inakhala ngati yatsopano. Ndinamupatsa ya sopo, nkhani inathera pomwepo.

Aphunzitsi a sayansi: Chibumacho ndiye magalamu ndimanena aja, kungoti chanucho chinali mazana.

Makaniko wa ku Kawale: Eya, ndipo n'chifukwa chake rimu iyenera kutsukidwa isanakwere pa makina. Mukayeza ndi matope omwe, tizitsulo tija tikhala tikulimbana ndi matopewo, tsiku lomwe adzagwe galimoto iyambanso kugwedera.

Anamwino a ku Leeds: Moni kumudzi. Kuno ku UK pa MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pa msewu, amayang'ana mano a tayala, asachepere mamilimita 1.6, amayang'ananso zotupa ndi ming'alu, koma balansi sayeza. Komabe palibe amene angakuikire tayala osalikweza pa makina, chifukwa pa motorway timayenda 70 mailosi pa ola, kuposa 110 yanuyo, kwa maola. Pa sevisi ya oyilo sanandifunsepo za balansing'i.

Mjomba wa ku Joni: Ine sindisintha maganizo. Zinthu zomwe simukuzimva m'manja, mashoko ndi mabering'i akuzimva. Mudikire mpaka chiwongolero chivine ndiye mwadya kale zina. Walira mvula walira matope, galimoto ndi ndalama basi.

Makaniko wa ku Kawale: Achimwene, pamenepo tisiyana pang'ono. Zoona, tayala logwedera likayenda nthawi yaitali pa liwiro limatopetsa mashoko ndi mabushi. Koma kwa munthu woyenda 40 m'tauni, zomwe zikupha mashoko ake ndi mahampu ndi maenje, osati magalamu 10. Ndikanakhala ndi ndalama imodzi yokha, ndikanayamba ndi mpweya wokwanira, kenaka alayimenti, balansing'i pambuyo. Ine ndemwe ndimadya za ntchito imeneyi, koma sindingauze munthu kuti aziyeza matayala anayi pa sevisi iliyonse popanda chifukwa.

aBanda a Probox: Ndiye ine ndapambana.

Makaniko wa ku Kawale: Inu madala ndiye mukufunika makinawo kuposa wina aliyense muno. Mumayenda M1 mutasenza, ndipo ndikudziwa mumagula matayala a kaunjika. Tayala la kaunjika silidziwika komwe lachokera. Lina waya wa mkati anaduka kale, lina linakhala pansi pa mulu mpaka kupindika. Mukalikweza pa makina n'kuliona likuzungulira, limadziulula lokha, limadumphadumpha kapena kupita uku ndi uku ngati njoka, ndipo loterolo ngakhale mulikhomere tizitsulo dzanja lonse silikhala bwino. Mumalibweza musanalipire. Muzionanso manambala anayi omaliza pambuyo pa mawu akuti DOT m'mbali mwake: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chomwe linapangidwa. 2318 ndiye kuti sabata ya 23 mu 2018.

aBanda a Probox: Probox imagwedera chibadwire achimwene, ukaimva yakhala chete ndiye kuti yazima.

Naphiri wa Vitz: Mwandiseketsa ndili mu ofesi. Koma pali china sindinanene: mwezi wa mawa ndikupita ku Blantyre ku chinkhoswe cha mng'ono wanga, ndiyendetsa ndekha, ndi anthu atatu kumbuyo.

Makaniko wa ku Kawale: Aa, imeneyo ndiye nkhani. Makilomita opitirira 300, mbali yaikulu pa liwiro lomwe galimotoyo siidziwa. Auzeni ayeze akumbuyo awiriwo. Akutsogolo angoyang'ana ngati tizitsulo tilipo. Pa aloyi kakathothoka pamatsala kachigamba ka guluu koonekeratu. Ngati tonse tilipo, asiyeni. Mukaitenga, tsiku lina mukaiyese pa msewu wa ku Salima kapena wa ku Mchinji, pamalo owongoka pomwe chikwangwani chikulola, mufike 90 kapena 100 pang'onopang'ono mutazimitsa wailesi. Chiwongolero chikanjenjemera, mubwerere ndi akutsogolowo.

Komanso matayala anabwera nawo kuchokera ku Japan aja muwaonetsetse. Zambiri zimabwera ndi matayala a nyengo ya chisanu, amalembedwa kuti studless ndipo amakhala ndi timizere tambirimbiri tating'ono pa mano. Labala yake ndi yofewa, pa tala wotentha wa ku Zalewa imatha msanga ndipo siigwira bwino pa buleki. Akakhala amenewo, kapena chaka chake chikakhala chakale kwambiri, ndalama ya balansing'iyo ingoyambani kusungira matayala.

Naphiri wa Vitz: Ndawaimbira. Ayeza akumbuyo okha, ndipo ndawauza anditumizire chithunzi cha manambala a m'mbaliwo. Anayamba kukana kuti amapanga onse anayi pamodzi, nditati ndiye musiye zonse, avomera.

Mjomba wa ku Joni: Mwapulumutsa ndalama ya matayala awiri kuti mudzapitenso kachiwiri. Mafuta obwererawo ndi aulere?

Mai a Tadala: Nanga tingadziwe bwanji kuti apangadi? Ena amangolemba pa risiti.

Makaniko wa ku Kawale: Kukhalapo ndiye kwabwino, ndi ntchito ya mphindi zochepa pa tayala. Muone kuti achotsa tizitsulo takale asanayambe, osati kumangowonjezera pamwamba. Muone manambala oyamba, muonenso ziro pomaliza. Makina akapempha magalamu ochuluka zedi pa karimu kakang'ono, asangokhomerera, atulutse mpweya n'kulizunguza tayalalo pa rimu theka, ayezenso. Zikapanda kusintha ndiye rimu yapindika. Poika latsopano, kadontho kachikasu kali m'mbali kaja kazikhala pomwe pali valavu. Mukakhala kuti simunalipo, suzumirani mkati mwa rimu: kachitsulo katsopano kamawala, kakale kamakhala kakuda ndi fumbi la mabuleki.

Achemwali a Vitz, potenga galimotoyo mutulutse sipanala yanu ya m'buti muyese kumasula nati imodzi ya kumbuyoko iwo akuona. Anyamata ena amamanga ndi mfuti ya mpweya ija mpaka kupitirira muyezo, tayala likadzaphwa pa Chingeni simudzalimasula ngakhale mutakwerapo. Ikakanika, amasule onse amangenso ndi dzanja. Sipeya nayo aipope.