Zithunzi za pakhoma m'kachisi wa Isis ku Pompeii: luso la ku Egypt kapena la Aroma?

Kambalame:

Akuluakulu, ndithandizeni. Kachisi wa Isis wa ku Pompeii anali wa chipembedzo chochokera ku Egypt, koma zojambula za m'makoma ake sizikufanana ndi za m'manda a mafarao, zija nkhope imayang'ana kumbali mapewa atayang'ana kutsogolo. Anajambula ndani, ndipo liti? Utoto anaupaka bwanji kuti ufike lero usanafufutike? Nanga bwanji zithunzi zimene alendo amatola pamalopo zikungoonetsa makoma opanda kanthu?

Mfukula_Zakale:

A Kambalame, mwaona bwino. Mulungu wake ndi wa ku Egypt, koma dzanja lojambula ndi la amisiri a ku Italy komweko.

Za nthawi sizivuta, chifukwa pakhomo lolowera panali mwala wolembedwa. Umanena kuti kachisiyu atagwa ndi chivomerezi, Numerius Popidius Celsinus anamumanganso kuyambira pa maziko ndi ndalama zake, ndipo pothokoza, akuluakulu a mzinda anamulowetsa m'khonsolo yawo ali ndi zaka 6. Mwana wa zaka 6 ndalama angazitenge kuti? Analipira ndi bambo ake, Numerius Popidius Ampliatus, amene kale anali kapolo ndipo sakanaloledwa kukhala m'khonsoloyo, choncho anatsegulira mwana wake njira. Chivomerezicho ndi cha 62 AD, phiri la Vesuvius linakwirira mzindawo mu 79 AD. Ndiye kuti zojambulazo zinapangidwa m'kati mwa zaka 17 zimenezi. Akatswiri amaziika m'kalembedwe kachinayi ka zojambula za ku Pompeii, komwe kanali m'fasho m'nyumba za anthu olemera pa nthawiyo.

Koma musazitenge ngati chinthu chimodzi. Chipinda chilichonse chili ndi kajambulidwe kake.

Pakhonde lozungulira bwalo, pomwe aliyense wolowa ankaona, khoma analigawa m'zigawo zikuluzikulu zofiira. M'kati mwa zigawozo muli tianthu ting'onoting'ono, ansembe a Isis aliyense ndi chida chake: wina wanyamula nthambi ya kanjedza, wina akuwerenga mpukutu atasomeka nthenga kumutu, wina wavala chigoba cha mutu wa nkhandwe kuimira mulungu Anubis. Polekanitsa chigawo ndi chinzake pali nsanamira ndi makonde ojambula, pamodzi ndi tizithunzi ta zombo zankhondo zikumenyana panyanja. Pamwamba pakuyenda mzere wakuda wa masamba opiringizika, nyama zikusuzumira m'kati mwake. Mutachotsapo ansembewo, khoma limeneli lingakhale m'nyumba ya Mroma aliyense wa ndalama zake.

M'chipinda chachikulu chakumbuyo, chimene akatswiri amachitcha ekklesiasterion, ndi momwe munali zithunzi zapamwamba. Chotchuka kwambiri ndi cha Io akufika ku Canopus, mzinda wa ku Egypt. Io ndi mtsikana wa m'nthano za Agiriki amene anasandutsidwa ng'ombe, n'chifukwa chake ali ndi tinyanga pachipumi. Mulungu wa mtsinje wa Nile wamunyamula, ndipo Isis wakhala pansi akumulandira ndi dzanja, dzanja linalo lagwira njoka, mapazi aponda ng'ona. Pambali pake pali Harpocrates, mwana wa Isis, chala chili pakamwa. Ku Egypt chala pakamwa chinkatanthauza ubwana basi, koma Agiriki ndi Aroma anachimva ngati lamulo loti munthu asunge chinsinsi. Chithunzi chinzake chikuonetsa Io yemweyo akulonderedwa ndi mlonda Argus, mulungu wa Agiriki Hermes akumupatsa Argus chitoliro. Taonani nzeru yake: anasankha nthano imene Mroma ankaidziwa kale, yothera ku Egypt, kuti Isis asaoneke mlendo. Matupi ake ali ndi mthunzi ndi kuwala, akupindika ngati a anthu enieni, zomwe wojambula wa mafarao sankachita.

Milungu ya ku Egypt yeniyeni yadzaza m'kachipinda kam'kati kotchedwa sacrarium. Mmenemo khoma ndi loyera, burashi inayenda mofulumira, ndipo ntchitoyo ndi yokhakhala. Muli Isis ali m'bwato, bwato lina litanyamula bokosi, zomwe ambiri amati ndi kupezeka kwa thupi la Osiris, mwamuna wa Isis. Muli mulungu Bes, ng'ombe yopatulika ya Apis, mbalame ya ibis, ndi njoka ziwiri zitayang'anizana pa dengu lopatulika. Kwa ine chipinda chimenechi ndi chimene chimanena zambiri za chipembedzocho kuposa chithunzi cha Io, ngakhale kukongola kwake n'kochepa.

Mpeni_ndi_Laimu:

Ndiyankhe la utoto. Ku Egypt ankajambula pakhoma louma, utoto atausakaniza ndi zomatira monga utomoni. Aroma ankajambula pa pulasitala wa laimu akadali wonyowa, njira yotchedwa fresco. Utoto wake ndi ufa wosungunula m'madzi basi. Laimu akamauma amakoka mpweya wa carbon dioxide n'kubwereranso kukhala mwala, ndipo timibulu ta utoto timatsekeredwa m'kachikhungu kolimba ka pamwamba. Utotowo umasanduka mbali ya khomalo.

Ntchito imayamba ndi laimu. Amawotcha miyala ya laimu, kuithira madzi m'dzenje, n'kuisiya nthawi yaitali. Pliny, wolemba mabuku wa ku Roma wakale, analemba kuti malamulo akale ankaletsa kugwiritsa ntchito laimu wosakwana zaka 3. Chifukwa chake n'chakuti kachibulumwa kamene sikanazime bwino kamadzafufuma kali kale m'khoma, n'kuboola kabowo pakati pa chithunzi. Vitruvius, Mroma amene analemba buku la zomangamanga, anapereka mayeso ake: tema laimuyo ndi chitsulo. Chikatuluka choyera, laimu ndi wouma ndi wofooka. Akakangamira kuchitsulo ngati guluu, wapsa.

Kenako kupaka. Vitruvius amati pamwamba pa pulasitala wokhakhala woyamba, upake maulendo 3 a laimu wosakaniza ndi mchenga, kenako maulendo 3 a laimu wosakaniza ndi ufa wa mwala wa mabo, ulendo uliwonse ufa wosalala kuposa wapitawo. Ulendo wotsatira umapakidwa wapansiwo atangoyamba kugwira, asanaumiretu, apo ayi sizigwirana ndipo zimadzasendeka. Dothi la mabo likhale lopondedwa bwino moti silikangamira kumpeni. Ubwino wa pulasitala wokhuthala chonchi ndi wakuti amasunga chinyezi, wojambula amapeza nthawi.

Nthawiyo ndi maola ochepa chabe, choncho sankapaka khoma lonse kamodzi. Ankayamba chigawo cha pamwamba, kuchimaliza, kutsikira pakati, kumalizira pansi, kuti zodontha zisaononge ntchito yatha kale. Polumikizira ankapabisa pansi pa mzere wojambula. Mizere yowongoka ankailemba ndi chingwe chokoka n'kuchimenyetsa pa pulasitala wofewa, kapena kukanda ndi kachitsulo. Mukaunika khoma ndi tochi cham'mbali, zipsera zimenezi zimaoneka. Chithunzi chachikulu chapakati nthawi zambiri chinkapakidwa pulasitala wakewake pomaliza, kuti katswiri ajambule pamalo atsopano. Kunyezimira kuja kumachokera kokhutiza khoma ndi chida chosalala lisanaume.

Nyenyezi:

Bambo Mpeni afotokoza bwino, koma tisapatse a Kambalame chithunzi choti makoma onse a ku Pompeii anatsatira buku. Zimene Vitruvius analemba ndi ntchito ya pamwamba zedi. Pliny amatchula maulendo 5, ndipo makoma ambiri a mzindawo akathyoka m'mbali amaonetsa maulendo ochepa kuposa pamenepo. Komanso si zonse zinajambulidwa khoma lili lonyowa bwino. Tianthu ting'onoting'ono ta pakati pa chigawo chofiira ankatijambula pamwamba pa kufiirako, nthawi zambiri ndi utoto wosakaniza laimu pang'ono. N'chifukwa chake pa makoma otere mumapeza mkono kapena nkhope yasendeka, kufiira kwa pansi kuli bwinobwino.

Za mitundu ya utoto: laimu amadya utoto wina, ndiye ankadalira wochokera m'nthaka. Wofiira wamba ndi wachikasu ndi dothi lokhala ndi chitsulo. Wobiriwira ndi dothi lobiriwira. Wakuda ndi mwaye, umene Vitruvius amati ankautchera powotcha utomoni m'kachipinda. Wabuluu ndiye wochita kupanga: mchenga, mkuwa, laimu ndi mchere wa natron, kuziwotcha pa madigiri 850 mpaka 1000. Njirayi inachokera ku Egypt, koma pofika nthawi ya Vitruvius munthu wina dzina lake Vestorius anali akuupanga ku Puteoli, m'mbali mwa nyanja yomweyo ya Naples. Ukaperedwa kwambiri umayezuka, choncho ankausiya wamibulumibulu, ndipo mibulu ikuluikulu siigwira msanga pakhoma.

Pali misampha iwiri kwa woyang'ana mitundu lero. Woyamba, dothi lachikasu likatenthedwa kufika madigiri 250 mpaka 300 limataya madzi ake n'kufiira. Makoma ena a ku Pompeii, makamakanso a ku Herculaneum, mzinda wapafupi umene unakwiriridwanso ndi Vesuvius, amene timawaona ofiira anali achikasu phiri lisanaphulike. Wachiwiri ndi cinnabar, utoto wofiira kwambiri wa mwala wa mercury, wokumbidwa ku Sisapo m'dziko la Spain. Unali wodula moti boma linaika malire a masesitesi (ndalama za Aroma) 70 pa paundi. Vuto lake umada ukaombedwa ndi dzuwa. Vitruvius amasimba za mlembi Faberius amene makoma a bwalo la nyumba yake ku Rome anathimbirira patangotha masiku 30. Mankhwala ake anali kupaka phula losungunula ndi mafuta pang'ono, kulitenthetsa ndi makala, n'kupukuta ndi nsalu.

Kambalame:

Zikomo nonse, zamveka. Latsala la makoma opanda kanthu lija. Zinaonongeka?

Mfukula_Zakale:

Ayi, zambiri zilipo, koma zili ku Naples, m'nyumba yosungira zinthu zakale ya Museo Archeologico Nazionale, momwe zili ndi zipinda zakezake. Kachisiyu anafukulidwa pakati pa 1764 ndi 1766 motsogozedwa ndi Francesco La Vega, nthawi imene zofukulidwa zonse zinali chuma cha mfumu ya ku Naples. Chithunzi chikakomera akuluakulu, amisiri ankacheka pulasitala mozungulira, kutchinga kumaso kwake ndi thabwa, kuchisepula kukhoma ndi pulasitala wake yense, kuchilimbitsa kumbuyo ndi sileti, n'kuchiika m'felemu yamatabwa. Poyamba zinkapita kunyumba yachifumu ya ku Portici.

Kucheka kumeneku kuli ndi mbali ziwiri. Kunazipulumutsa, chifukwa zotsala panja zinakumana ndi mvula ndi chinyezi chokwera kuchokera pansi. Chinyezicho chimanyamula mchere, mcherewo ukauma m'kati mwa pulasitala umatupa n'kukankha utoto. Koma kunadulanso nkhani. Wansembe amene anali mmodzi mwa gulu lozungulira bwalo lonse anasanduka kachithunzi kayekha m'felemu, ndipo zina anazipaka vanishi amene pambuyo pake anachita chikasu. Mwayi wake, ojambula a nthawi yofukulayo anakopera makomawo papepala, ndipo mapepala amenewo ndi amene amathandiza kudziwa malo a chidutswa chilichonse.

Chenjezo limodzi, a Kambalame. Pa intaneti pali chithunzi chotchuka cha mwambo wa Isis, wansembe ataima pamwamba pa masitepe atanyamula mtsuko, anthu atandanda mbali ziwiri, mbalame za ibis zikuyendayenda pafupi ndi guwa. Ambiri amachilemba kuti ndi cha kachisi ameneyu. Chimenecho chinapezeka ku Herculaneum. Ku Pompeii pamalopo mukapezabe zoumba za pulasitala pa kanyumba kotchedwa purgatorium, komwe masitepe amatsikira pansi kumene ankasunga madzi opatulika oimira a mtsinje wa Nile, ndipo ngakhale pamenepo oumbidwawo ndi a m'nthano za Agiriki ndi Aroma: Mars ndi Venus, Perseus ndi Andromeda.