Ndikufuna kupanga ndege yamatabwa, ndiyambire pati? (Chonde osandiseka)

Wobisa Dzina

Moni nonse pagulu pano. Ndabisa dzina chifukwa alamu anga alinso momwe muno, akangoona basi banja lonse limva dzuwa lisanalowe. Ndakhala ndikungowerenga zanu mwakachetechete chaka chathunthu, lero ndalimba mtima.

Ndikufuna kupanga ndege yamatabwa. Yeniyeni, yokwera munthu, osati kachidole ka ana. Galaja ndili nayo koma theka lake ladzaza ndi katundu wa alamu omwewo. Anati akusungitsa miyezi iwiri, pano chaka chachitatu chikutha: firiji yakufa, matayala anayi, mipando yopanda miyendo. Ukawafunsa amangoti "mawa, mawa". Mayi akunyumba nawonso anena poyera kuti ndikalowetsa thabwa ngakhale limodzi ndisanakonze chitseko cha kabati yakukhitchini, ndizikagona m'ndege momwemo. Chitsekocho sindinathyole ine, koma nkhani imeneyo tiisiye. Macheka anga amagetsi anabwereka mnansi, anabweza atabuntha, ngakhale pepani. Kuntchito andisintha, Loweruka ndizigwira.

Ndiye ndiyambe kugula matabwa kapena injini? Pali munthu akugulitsa injini ya Volkswagen yakale ija yozizira ndi mphepo, akuti ndikachedwa ipita. Ndilinso ndi matabwa a paini 14 omwe anatsala pokhoma denga, owongoka bwinobwino. Angathandize? Ukalipentala ndimaudziwako ndithu, bedi lathu ndinakhoma ndekha ndipo zaka 9 silinalirepo.

Mseka Pang'ono

Bedi losalira zaka 9, achimwene, vuto silingakhale la matabwa 😂

Woyendetsa Wopuma

Achimwene, mwatiuza za firiji, za kabati, za macheka. Ndege yake ndi iti? Mapulani ndi a ndani? Ya munthu mmodzi kapena awiri?

Guluu Ndiye Ndege

IMANI KAYE. Musagule kanthu. Aliyense akamba za injini, ine ndikuuzani chimene chimapha anthu: GULUU. Ndege yamatabwa sigwira ndi misomali ngati bedi lanulo. Timisomali mumationa panthiti za phiko, timafelemu topyapyala tomwe timapatsa phiko maonekedwe ake, ntchito yake n'kupanikiza chabe mpaka guluu aume, kenako tilibenso ntchito. Moyo wanu wonse ulendewera pa kamzere kopyapyala ngati pepala.

Guluu woyera wa akalipentala uja MUIWALE. Akanyowa amafewa, ndipo akasenza katundu nthawi yaitali amatsetsereka pang'onopang'ono inu osaona. Wakale uja wa casein, wopangidwa kuchokera ku mkaka, amawola ndi chinyezi. Wofunika ndi resorcinol, wofiirira uja. Madzi sawaopa, kutentha sakuopa. Koma ndi wamakani: matabwa akumane ndendende popanda kampata, muwapanikize kwambiri, ndipo m'chipinda musazizire kutsika madigiri 21. Amene sangakwanitse zimenezi ndi amene amathawira ku epoxy.

Kalipentala Wakale

Bambo a Guluu, mwayambapo. Epoxy ngati T-88 wamata ndege zambirimbiri zomwe zikuuluka lero. Mumasakaniza muyezo wofanana mbali ziwiri zonse, ndipo amadzaza timipata, chinthu chothandiza kwa munthu amene akuyamba kumene.

Kwa mwini funso: matabwa a denga aja khomerani kabati ya mayi, mtendere ubwerere pakhomo. Mtengo wozolowereka pa ndege ndi Sitka spruce, umamera m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Alaska kutsikira mpaka kumpoto kwa California. Ndi wopepuka koma wolimba. Douglas fir amalowa m'malo mwake, wolimba kuposa spruce koma wolemerako pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, komanso amang'aluka msanga. Ulipo mtundu wina wa paini wa ku North America womwe umaloledwa, koma dzina lokha la mtengo silikwanira, thabwa lililonse limayesedwa palokha. Kuwongoka kwa kunja si kanthu. Yang'anani mizere ya m'kati mwa thabwalo: pa masentimita 15 aliwonse m'litali, mzere usapatuke kupitirira sentimita imodzi. Kumutu kwa thabwa werengani mizere ya zaka, isachepere 6 pa inchi imodzi. Mfundo pa spar, mtanda waukulu wa phiko uja, ayi. Chinyezi chikhale cha m'ma 8 mpaka 12 peresenti.

Choopsa kwambiri ndi china chosaoneka bwino. Mtengo ukagwa molakwika poudula, kapena ukapindidwa ndi mphepo yamkuntho uli chiimire, m'kati mumatsala timizere topingasa, tating'ono ngati tsitsi. Ine ndimaunika ndi tochi chammbali, kuwala kukuyenda mogona pathabwa. Thabwa lotero limaoneka lokongola, koma ukalipinda limangoti phwa! ngati bisiketi.

Guluu Ndiye Ndege

Akulu, epoxy AMAFEWA AKATENTHEDWA. Ndege yoima padzuwa tsiku lonse, phiko lopentedwa utoto wakuda, m'katimo mumakhala ngati mu uvuni. Mwaiwala Mosquito? Ndege yankhondo ya kampani ya ku Britain ya de Havilland, yoyamba inauluka mu 1940, yamatabwa: balsa, birch ndi spruce. Ataitumiza ku India ndi Burma mapiko ena anayamba kumatuka. GULUU!

Wokonda Mbiri

Nkhani ya Mosquito mwaidula pakati. Poyamba analozadi chala guluu ndi nyengo, koma ofufuza anapezanso kuti malo ena sanalumikizidwe bwino kufakitale komweko. Komanso epoxy sanali m'ndege zimenezo, ndiye mukumunamizira.

Guluu Ndiye Ndege

Kusalumikiza bwino ndi nkhani ya chiyani? Si ya guluu yomweyo? Mwandivomereza mosadziwa.

Mseka Pang'ono

Bambo awa ukawafunsa nthawi amayankha kuti resorcinol.

Mayi wa Anyamata Atatu

Ine ndilankhulako ngati mkazi wa munthu wa matenda omwewa. Bambo akwathu anayamba yawo mwana wathu woyamba ali kumsana. Pano mwanayo wamera ndevu. Thunthu la ndege linakhala pabalaza zaka 6, alendo tinkawalandirira pakhonde. Titalitulutsa kukaika kuseri, mvula inalowa pansi pa pepala lomwe anafunditsa, madzi anadikha m'makona, plywood yonse inafufuma. Chiswe chinamaliza zotsala. Lero muli nkhuku, zimaikira bwino ndithu. Ndiye achimwene, konzani kabatiyo. Mkazi wanu sakudana ndi ndege, akuona patali.

Mnyamata wa Aluminiyamu

Pepani mayi. N'chifukwa chake ndimati zamatabwa zinapita ndi agogo. Gulani kit ya aluminiyamu, zigawo za ndege zodulidwa kale kufakitale, zibowo anaboola kale, inu n'kumangomenya ma rivet, timisomali tolumikizira zitsulo. Ndege za Van's RV zomwe anthu amaliza n'kuulutsa zinapitirira 10,000. Chiswe chidye chitsulo tione. Ngakhale chindege chachikulu chija cha spruce cha Howard Hughes chinauluka kamodzi kokha, mu 1947, basi.

Wokonda Mbiri

Chinangotchedwa Spruce Goose, koma mbali yaikulu inali birch. Ndipo kusaulukanso kwake sikunali chifukwa cha matabwa, nkhondo yomwe anachipangira inali itatha. Abale a Wright mu 1903 anauluka ndi spruce, ash ndi nsalu. Ma Jodel a ku France a zaka za m'ma 1950 ndi 1960 ena akuulukabe.

Mnyamata wa Aluminiyamu

Abale a Wright ulendo woyamba anauluka masekondi 12. Ngati ndi zomwe akufuna achimwenewa, chabwino.

Woyendetsa Wopuma

Ndifunsenso, poti funso langa lakwiririka ndi guluu. NDEGE YAKE ITI? Popanda yankho limeneli tonse tikungowomba mphepo. Injini ya Volkswagen imayenera tindege topepuka ta munthu mmodzi, monga Jodel D.9 ya 1948 kapena Evans VP-1 ya 1968. Imazungulira mothamanga, ndiye imafuna pulopela yaifupi. Mukati Pietenpol Air Camper ya anthu awiri, yomwe Bernard Pietenpol anapanga ku Minnesota mu 1929 ndi injini ya galimoto ya Ford Model A, imeneyo imakonda pulopela yaitali yozungulira modekha, ndipo ambiri amaikamo injini ya ndege ya Continental A-65 kapena ya galimoto ya Corvair. Mwaona kuti injini imatsata ndege, osati ndege kutsata injini? Musiyeni wogulitsayo apite nayo. Injini yogula lero idzakhala pakona zaka zisanu ikuchita dzimbiri m'kati.

Ndipo inuyo mumalemera makilogalamu angati? Sindikunyoza. Tindege timeneti munthu ndi mafuta zikangopitirira muyezo, kapena kulemera kukapita kumbuyo kwambiri, palibe guluu angakupulumutseni.

Guluu Ndiye Ndege

"Palibe guluu angakupulumutseni." Chabwino akulu, koma palinso kulemera koyenera komwe kungakupulumutseni phiko litamatuka? Mwini funso, mverani ine. Tsiku lililonse mukasakaniza guluu, matani timatabwa tiwiri totsala, mulembepo deti. Tikauma, tipanikizeni pa vice, chopanira chachitsulo chija, n'kumenya ndi hamala. Pothyoka pakhale pa THABWA, ulusi wa mtengo uzionekera mbali zonse. Pakangosiyana pamzere wa guluu, posalala ngati galasi, zonse mwamata tsiku limenelo ndi nkhuni. Ine ndinaotcha nthiti 11 chifukwa cha chitini chimodzi chomwe wogulitsa wina anandipatsa chitagonera. Ndinalira ngati mwana. Chinanso, pomwe padzapite guluu MUSAPAKE vanishi. Plywood ya birch ipalenipo pang'ono ndi sandpaper kuchotsa kuwala kuja, koma spruce musamukwechese, mupaleni ndi mpeni wakuthwa, fumbi limatseka timabowo ta mtengo.

Kalipentala Wakale

Apa pokha ndagwirizana nanu. Lembani deti, sizichitikachitika.

Mlongo Wanu mwa Ambuye

Koma abale, munthu ali ndi banja. Mukumulimbikitsa bwanji zinthu zoika moyo pachiswe chonchi? Ana adzalera ndani? Ndalama zimenezo bwanji osakonzera nyumba? Ine zandinyansa.

Mseka Pang'ono

Achemwali musadandaule, pa liwiro lomwe akuchotsera firiji ija, ndegeyi idzauluka adzukulu atakwatira.

Woyamba Mnzanu

Ine ndili chaka chachiwiri pa yanga, ndingonena zomwe zinandithandiza. Ndisanadule kanthu ndinapita ku bungwe loona za ndege la dziko lathu kukafunsa malamulo, chifukwa amasiyana dziko ndi dziko. Ku America amafuna kuti gawo loposa theka la ntchito ugwire wekha, ndipo ukaika injini yagalimoto nthawi zambiri amakupatsa maola 40 ouluka moyesera, m'dera lomwe akuikira, usananyamule munthu. Kwina amafuna woyendera aone m'kati mwa phiko usanakute nsalu. Ukakuta asanaone, ung'amba. Jambulani zithunzi pa sitepe iliyonse, sungani malisiti a matabwa ndi kabuku ka maola.

Pezani AC 43.13-1B, buku la kakonzedwe ka ndege la FAA, bungwe loona za ndege la ku America, lili pa intaneti mwaulere, mutu woyamba ndi wa matabwa okhaokha. Kenako yambani ndi nthiti za phiko. Mumakhoma chikombole pathabwa losalala, n'kumapanga nthiti imodzi madzulo alionse. Sizifuna malo, tebulo limodzi lakwana, firiji ya alamu ikhoza kukhala pomwe ili. Pietenpol imafuna nthiti pafupifupi 30. Mukafika ya nambala 10 mudzadziwa nokha ngati ntchitoyi ndi yanu, musanawononge ndalama zambiri. Yoyamba yanga ndinaipachika pakhoma, ndi yokhota ngati uta. Yezaninso galajayo: phiko la Pietenpol ndi mamita pafupifupi 9, koma alipo mapulani a phiko logawika patatu.

Guluu Ndiye Ndege

Nthiti zanuzo mwamata ndi chiyani?

Woyamba Mnzanu

T-88, bambo.

Guluu Ndiye Ndege

Ndikupemphererani.

Wobisa Dzina

Zikomo nonse, sindimayembekeza mayankho ochuluka chonchi. A Mseka, za bedi zija sizinandisangalatse. Mayi wa Anyamata, kabati ndikonza Lamlungu, ngakhale ndibwereze kuti sindinathyole ine. Achemwali, ana anga ndi akuluakulu. Injini ija ndapereka kale theka dzulo usiku ndisanawerenge zanu, ndiye imeneyo yatha. Za mapulani, sindinagule a munthu. Ndajambula ndekha papepala la katoni poyang'ana zithunzi zingapo, ndatengako mapiko a ina, mchira wa ina. Ndikufuna ikhale ya anthu atatu. Ndiye guluu ndigule uti, wofiirira uja kapena winayo?

Woyendetsa Wopuma

Mayo ine. Anthu atatu, injini ya Volkswagen, mapiko obwereka. Achimwene, Henri Mignet wa ku France anayesa ndege yake yekha, nalemba buku mu 1934, anthu mazanamazana n'kuyamba kupanga ndege yakeyo, yotchedwa Pou-du-Ciel, m'magalaja mwawo. Ingapo inagwa chamutu n'kupha oyendetsa, chifukwa ikaweramira pansi kufika pena pake sinkathekanso kuidzutsa. Vutolo linadziwika bwino atayiika mu wind tunnel, chipinda choyeseramo ndege ndi mphepo yochita kupopa, mu 1936. Ameneyo anali munthu woti ndege yake anaulukapo nayo. Inu katoni. Gulani mapulani a ndege yomwe ena apanga n'kuulutsa zaka zambiri, muwatsate osasintha kanthu. Ndipo simunandiyankhe: mumalemera bwanji, nanga munaphunzirapo kuyendetsa ndege?

Guluu Ndiye Ndege

WOFIIRIRA. Mwafunsa funso lanzeru pomaliza.

Mnyamata wa Aluminiyamu

Katoniyo musataye, mwina ndi yolimba kuposa painiyo.

Membala Watsopano 4471

Alamu, firiji ija si yakufa, imangofuna gasi. Ndipo matayala ndi asanu, limodzi mwaliika kuti? Ndibwera mawa.