Juwisi wa malambe akulekana m'botolo, xanthan nayenso wachita mibulu

Nachisale
Anzanga ndithandizeni msanga, mutu waima. Batch ya malita 200, ufa wa malambe wochokera ku Balaka, Brix (muyeso wa shuga) 12, pH (muyeso wa asidi) 3.2, kutenthetsa mpaka madigiri 85 monga mwa nthawi zonse. Patangotha masiku atatu pa shelefu juwisi walekana, pansi phala, pamwamba madzi oyera mbee. Wa golosale wandibwezera makatoni asanu ndi imodzi ati makasitomala akuti ndi wowonongeka, chonsecho kukoma kuli bwinobwino. Dzulo ndagula xanthan, ufa wokhuthalitsa zakumwa kuti zisalekane, ndathira 600g mu batch ina. Zomwe zatuluka sindingagulitse. Timibulu toterera tangoti mbwee pamwamba, ukatiphwanya ndi chala m'kati muli ufa wouma, ndipo juwisi yense akunanda ngati therere. Oda ikufunika Lachisanu. Ndalakwitsa pati?

WaLabu
Mayi, mwachulukitsa katatu. 600g pa malita 200 ndi 0.3%, mlingo wa sosi umenewo. Chakumwa chimafuna 0.05 mpaka 0.1%, kutanthauza 100g mpaka 200g basi. Za mibuluzo, ndikukhulupirira munangokhuthula ufawo m'madzi. Xanthan akangokhudza madzi kunja kumafufuma nthawi yomweyo n'kutseka njira, madzi safikanso m'kati. Sakanizani kaye ndi shuga wouma, gawo limodzi la xanthan pa magawo khumi a shuga, kenako muziwaza pang'onopang'ono mixer ikuzungulira mwamphamvu. Asungunuke m'madzi okhaokha kaye, malambe abwere pambuyo.

Mkulu wa Chinangwa
Mukuvutikiranji ndi zinthu za m'sitolo zodikira forex? Sitachi ya chinangwa ilipo yambirimbiri ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay. Masipuni angapo, kuwiritsa, juwisi amagwirana. Ine ndakhala pa ntchito imeneyi ana inu musanayambe sukulu.

WaLabu
Bambo, ulemu wanu ulipo, koma pa pH 3.2 sitachi siyilimba. Asidi ndi moto zikakumana zimadula tcheni cha sitachi, ndiye imakhuthala tsiku loyamba kenako n'kusungunuka. Mukaika mu fuliji imabwerera m'mbuyo n'kuyamba kutulutsa madzi, monga mmene phala logona limachitira. Xanthan amapirira asidi, mchere ndi kutentha, n'chifukwa chake makampani amamukonda.

Mkulu wa Chinangwa
Phala logona lake liti? Ndiye kuti simunaiwiritse bwino. Sitachi ya chinangwa imapsa pakati pa 60 ndi 70, ndipo imatuluka yowala, si ngati ya chimanga. Xanthan wanuyo mukudziwa kuti amachokera ku bakiteriya amene amaoletsa kabichi kumunda?

Wa ku Mangochi
Zoona akulu, Xanthomonas campestris, koma amamulera m'matanki ndi shuga ndipo chimene timagula ndi ufa woyeretsedwa, mulibe tizilombo tamoyo. Achemwali a Nachisale, ine ndikuchenjezeni pa chimodzi: musalole wa m'sitolo akugulitseni sodium alginate, ufa wina wokhuthalitsa, kuti ndi chimodzimodzi. Chaka chatha ndinapusitsidwa choncho xanthan atasowa. Ndinathira mu malita 80. Sipanathe mphindi zisanu, m'poto munadzaza zingwe zoterera ngati mazira a achule m'dambo nthawi ya dzinja. Ndinasefa ndi nsalu mpaka usiku, ana anga akugwirira tochi, koma palibe chinapulumuka. Ndinalira tsiku limenelo chifukwa ndalama ya shuga inali ya ngongole ya banki m'khonde. Malambe ali ndi calcium wambiri, ndipo alginate akakumana ndi calcium amaundana pompo. Asidinso amamugwetsa pansi.

WaLabu
Zimene zinakupwetekani inuzo ife timazichita dala. Alginate 2%, kudonthetsa ndi syringe mu calcium chloride, pamatuluka timikanda tozungulira bwino. Timatsekeramo yisiti kapena enzyme kuti tizigwiritsa ntchito mobwerezabwereza. Ophunzira akaziona koyamba safuna kuchoka pa benchi.

Namwino wa usiku
Pepani ndalowerera, mwamuna wanga ndi amene ali m'gulu lino koma alginate ndamuzindikira. Ndi yemwe uja ali m'mabandeji a calcium alginate amene timaika pa zilonda zotulutsa madzi ambiri. Amachokera ku ndere zofiirira za m'nyanja yamchere. Likayamwa madzi a pachilonda bandejilo limasanduka ngati jeli, ndipo wachibale wa wodwala akaona amaganiza kuti ndi mafinya. Pachilonda chouma sitiika chifukwa limamatirira. Palinso mabandeji oletsa magazi opangidwa ndi chitosan, wochokera ku zikamba za nkhanu ndi shrimp.

Nachisale
Zikomo nonse koma funso langa ndi la malita 200 ali mu thanki pano. Ndingawapulumutse? Ndikuganiza zosefa mibuluyo kenako kusakaniza ndi ma batch awiri opanda xanthan kuti mlingo utsike. Magetsi anazima usiku wonse, thankiyo yangokhala yovundikira.

Mphunzitsi wa za zakudya
Mwana wanga, masamu ako ali bwino koma nkhawa yanga ili pa usiku umenewo. Juwisi wa shuga wagona pofunda maola oposa khumi ndi awiri, yisiti sachedwa. Nunkhiza, yang'ana ngati pali thovu m'mbali mwa thanki, yezanso Brix. Ngati yatsika ngakhale pang'ono, taya. Usaike malita 400 abwino pachiswe chifukwa cha 200. Ndipo ukasefa mibulu sudziwanso kuti xanthan watsala wochuluka bwanji m'madzimo.

China chimene palibe wakufunsa: ufa wako umasefa ndi sefa yanji? Malambe ali ndi pectin (chokhuthalitsa chachilengedwe cha m'zipatso) wambiri wakewake, ameneyo amasungunuka, koma mulinso timaulusi ndi tizidutswa ta khungu la njere zomwe sizisungunuka. Zikuluzikulu ndi zimene zimathamangira pansi. Ukachepetsa kukula kwa kadutswa ndi theka, liwiro lake lomira limatsika kanayi. Anthu ambiri amathamangira gum (ufa wokhuthalitsa ngati xanthan) pamene vuto lili pa sefa. Viika ufa m'madzi ofunda, sefa kawiri, kachiwiriko ndi nsalu ya muslin, ndiye uone ngati ukufunanso xanthan wochuluka.

Mkulu wa Chinangwa
Mwaona? Sefa ndi sitachi basi. Thobwa amathiramo xanthan? Anthu amagwedeza botolo n'kumwa, palibe wadandaula.

Wa ku Mangochi
Akulu, thobwa aliyense amalidziwa kuti limadikha. Wogula juwisi mu shopu ya m'tauni akaona madzi pamwamba amabweza botolo pa shelefu. Komabe mawu akuti "gwedezani musanamwe" pa lebulo ine ndimalemba, amathandiza.

WaLabu
Nkhani ya asidi kudula tcheni si ya sitachi yokha. Ndili wophunzira ndinapatsidwa ntchito yokonza mbale za PDA (chakudya chomeretsera tizilombo mu labu, chimene ufa wa agar umachilimbitsa ngati jeli) zowerengera yisiti ndi nkhungu, za juwisi ngati yemweyu. Ndinathira tartaric acid kutsitsa pH kufika 3.5 ndisanaike mu autoclave, chipangizo chophera tizilombo ndi nthunzi. Madigiri 121 kwa mphindi 15, ndathira m'mbale makumi anayi, ndadikira mpaka madzulo, agar osagwira. Mbale iliyonse ukaipendeketsa imayenderera. Botolo la agar linali lotsiriza ndipo lina linatenga miyezi iwiri kuti lifike. Asidi amathiridwa pambuyo pa autoclave, media (chakudya cha tizilombocho) itazizira kufika cha m'ma 45 kapena 50. Agar amasungunuka cha m'ma 85 koma sagwira mpaka atatsika pansi pa 40, ndipo kusasungunuka msanga kumeneko ndi kumene kunachititsa Fanny Hesse kuuza mwamuna wake, amene ankagwira ntchito ndi Robert Koch, katswiri wa za tizilombo, m'zaka za m'ma 1880, kuti asiye gelatin yomwe inkasungunuka kukatentha. Iye agar ankamudziwira kukhitchini. Carrageenan, gum wina wochokera ku ndere za m'nyanja, nayenso musamuwiritse mu juwisi wa asidi, amaduka chimodzimodzi. Malo ake ndi mu mkaka.

Mkulu wa Chinangwa
Ndiye mwavomereza nokha kuti agar wanu wodulayo amalepheranso. Kodi simukudziwa kuti ena a tissue culture ayesapo sitachi ya chinangwa m'malo mwa agar pomeretsa mbewu m'mabotolo?

WaLabu
Ayesapo, inde bambo. Koma media ya mbewu imakhala pa pH cha m'ma 5.8, si 3.2.

Mphunzitsi wa za zakudya
Ndisaiwale. Amene mukugula gum wa m'timapepala topanda dzina, samalani. Xanthan amagwiritsidwanso ntchito pokumba zitsime za mafuta, CMC, gum wina wokhuthalitsa, amalowa mu sopo wa ufa ndi mu guluu, ndipo ufa wake ndi woyera chimodzimodzi ndi wa chakudya. Funsani certificate of analysis, ione kuti ndi food grade, nambala ya batch igwirizane ndi ya pa thumba. Pa lebulo lembani E415 ngati ndi xanthan, E466 ngati ndi CMC, E440 ngati ndi pectin. Mukasintha resipe lebulo isinthenso, a MBS (Malawi Bureau of Standards) akabwera adzayang'ana zimenezo. CMC pa pH yotsika chonchi ine sindimulimbikitsa, ikayandikira 3 amayamba kufooka.

Komanso Nachisale, ukugwiritsa ntchito preservative (mankhwala oteteza juwisi kuti asawonongeke) yanji? Malambe ali ndi vitamini C wochuluka kwambiri. Sodium benzoate akakhala pamodzi ndi vitamini C, mabotolo n'kukhala padzuwa kapena potentha, pamatha kupangika benzene pang'ono, mankhwala owopsa m'thupi. Potassium sorbate alibe vuto limenelo. Amene mumagulitsa m'mbali mwa msewu mwezi wa Okutobala, izi zikukhudzani.

Wa ku Mangochi
Aphunzitsi, sorbate ndi wodula ndipo kuno sapezeka. Alipo akudziwa kopeza wa kilo imodzi ku Limbe kapena ku Lilongwe, tigawane?

Mkulu wa Chinangwa
Mwana wanga Nachisale, tenga lita imodzi yokha uyese sitachi, uike pambali pa ya xanthan sabata yathunthu. Ndikutumizira ine mwini pa minibasi, sulipira kanthu.

Mnyamata wa jamu
Moni akuluakulu, ndine watsopano. Poti mwatchula pectin, jamu wanga wa mango sakugwira ngakhale ndafika Brix 65. Mandimu ndithire angati pa kilo?